Dzina la William ku Wimbe: Chiyambi Chake ndi Njira Imene Lidadzera

Pakati pa maina achilendo amene adazika mizu m'midzi ya m'chigawo chapakati cha Malawi, dzina la William ndi limodzi mwa akale kwambiri, pakuti lidayamba kumveka kumpoto kwa Ulaya zaka zoposa 1,200 zapitazo, Chingerezi chimene ana amaphunzira m'sukulu lero chisanaumbike n'komwe. Ku Wimbe, dera la fodya ndi chimanga la kum'mawa kwa boma la Kasungu, dzinali limapezeka m'mabuku a ubatizo, m'kaundula wa sukulu ndi m'makalabu a alimi, ndipo kuyambira mu 2007 ladziwika kunja kwa dziko chifukwa cha William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala. Ambiri mwa olitchula amangoti ndi dzina lachikhristu, ngakhale kuti silipezeka m'Baibulo, ndiponso mawu amene lidapangidwa nawo ndi a nthawi imene eni ake adali asanamve za Chikhristu. Mbiri yake ikusonyeza kuti tanthauzo la mawuwo lidaiwalika msanga, ndipo chimene chidaliyendetsa kuchoka mtundu wina kupita mtundu wina ndi ulemu umene anthu adapereka kwa amene adali nalo kale, makamaka pa nthawi imene munthu adali kulowa m'moyo watsopano.

Akatswiri a ziyankhulo amaika Chingerezi, Chijeremani, Chidatchi, Chiafirikanzi ndi ziyankhulo za ku Sweden, Norway ndi Denmark m'banja limodzi limene amalitcha Germanic, monga momwe Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chizulu zilili m'banja la Bantu. Mawu oti Germanic, choncho, sakunena za dziko la Germany la lero lokha, koma za mafuko ambiri akale, monga Afulanki, Asakisoni ndi Agoti, amene ankayankhula ziyankhulo zochokera ku kholo limodzi. Mafukowa adali ndi chizolowezi chopanga dzina la mwana polumikiza mawu awiri otengedwa m'gulu la mawu olemekezeka, ambiri a iwo onena za nkhondo, zida, kutchuka, mtendere, ulamuliro ndi milungu. Robert ndi kutchuka ndi kuwala, Richard ndi ulamuliro ndi kulimba, Henry ndi mudzi ndi wolamula, ndipo onsewa ndi maina amene amamveka m'misika ya ku Kasungu mpaka lero.

M'Chijeremani chakale dzina la William linkalembedwa kuti Willahelm. Chigawo choyamba, wil, chimatanthauza chifuniro, khumbo kapena kutsimikiza mtima, ndipo chachiwiri, helm, chimatanthauza chisoti chachitsulo chimene wankhondo ankavala kumutu. Mawu achiwiriwa adachokera ku tsinde lakale kwambiri lotanthauza kuphimba kapena kubisa, motero kuti kupatula chisoticho ankanenanso za chitetezo, ndipo olakatula ndakatulo akale a ku England ankatcha mfumu kuti helm wa anthu ake, kutanthauza wowatchinjiriza. Kulemera kwa mawuwa kumamveka bwino munthu akadziwa kuti chisoti chidali chida chosowa, chofuna chitsulo chambiri ndi luso la wosula wodziwa, kotero kuti wankhondo wamba ankapita kunkhondo ndi mkondo ndi chishango basi. Chisoti chimene chidafukulidwa ku Sutton Hoo, kum'mawa kwa England, mu 1939, chidali m'manda a munthu wamkulu wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 600, amene adaikidwa m'chombo chathunthu pamodzi ndi golide ndi siliva, ndipo zisoti za nthawi imeneyo zimene zapezeka m'dzikolo n'zowerengeka. Kutcha mwana dzina lokhala ndi helm kudali kumuika m'gulu la olamula.

Mabuku ambiri a maina amamasulira William kuti mtetezi wotsimikiza mtima, ndipo kumasulira kumeneku n'kokoma kumva, koma kumapitirira pa zimene umboni ukunena. Zigawo ziwiri za dzina la Germanic nthawi zambiri sizinkapanga chiganizo chimodzi, chifukwa makolo ankazisankha pofuna kusonyeza chibale: chigawo china chinkatengedwa m'dzina la atate, china m'dzina la amayi kapena la agogo, ndipo abale ankapatsidwa maina oyamba ndi liwu lofanana. Mfumu Æthelwulf ya ku Wessex idatcha ana ake Æthelbald, Æthelberht ndi Æthelred, onse oyamba ndi mawu otanthauza ulemerero wa kubadwa, ndipo cholinga chidali choti womva dzinalo adziwe nyumba imene mwanayo wachokera. Chigawo cha wil chimapezekanso mu Wilfrid, pomwe chalumikizidwa ndi mtendere, ndipo helm amapezeka mu Anselm, pomwe walumikizidwa ndi mulungu. Ntchito ya zigawozi idali yofananako ndi ya mfunda kapena chiwongo pakati pa Achewa, pakuti Banda, Phiri, Mwale kapena Mbewe amauza womva za kumene munthu wachokera, osati za zimene zidachitika tsiku limene adabadwa.

Munthu woyamba amene adatchukitsa dzinali adali William wa ku Gellone, wachibale wa mfumu Charlemagne ya Afulanki, amene adapatsidwa ulamuliro wa dera la Toulouse mu 790, adamenya nkhondo ndi Asilamu ochokera ku Spain, ndipo adali nawo polanda mzinda wa Barcelona mu 801. Mu 804 adakhazikitsa nyumba ya amonke, ndiye kuti amuna odzipatula ku moyo wa pabanja chifukwa cha mapemphero, m'chigwa cha Gellone, ndipo patapita zaka ziwiri iye mwini adasiya zida n'kulowamo. Oimba oyendayenda adamusandutsa ngwazi ya nyimbo zazitali za nkhondo, Mpingo wa Katolika udamuwerenga pakati pa oyera, ndipo kuyambira pamenepo dzina lopangidwa ndi mawu ankhondo lidakhala loyenera kubatiza nalo mwana.

Gawo lotsatira la ulendowu ndi limene likufanana kwambiri ndi zimene zidadzachitika ku Kasungu. Mu 911 mfumu ya Afulanki idapereka dera la kumpoto kwa France kwa Rollo, mtsogoleri wa achifwamba apanyanja ochokera ku Scandinavia, pa pangano loti aleke kusakaza dziko ndi kulandira Chikhristu. Rollo adabatizidwa n'kutenga dzina la Robert, ndipo mwana wake, amene adaphedwa mu 942, adadziwika ndi dzina la William. Alendo amenewa, amene adadzatchedwa Anomani ndipo dera lawo Normandy, adatenga maina a eni dziko monga chizindikiro choti alowa m'chipembedzo ndi m'ulamuliro watsopano. Mdzukulutuvi wa nyumba yomweyo, William wa ku Normandy, adawoloka nyanja n'kugonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings pa 14 Okutobala 1066, ndipo adavekedwa ufumu wa England pa Khirisimasi ya chaka chomwecho.

Dzinali silidali lachilendo kotheratu ku England, pakuti limapezeka m'mndandanda wakale wa makolo a mafumu a East Anglia, koma lidali losowa. Anomani atatenga minda, mabwalo a milandu ndi maudindo a mpingo, eni dziko adayamba kutcha ana awo maina a olamula, ndipo m'zaka pafupifupi 200 maina monga Godwin ndi Wulfstan adazimiririka. Mbiri ya woyera Bartholomew wa ku Farne imanena kuti makolo ake adamutcha Tostig, koma anzake atamuseka chifukwa cha dzinalo iye adadzitcha William, ndipo atalowa m'nyumba ya amonke adasinthanso. Nkhani imeneyi ndi yowawa kuimva, chifukwa ikusonyeza mwana akuchita manyazi ndi dzina la makolo ake m'dziko lake lomwe, ndipo anthu a m'mayiko amene adadzalamulidwa ndi England pambuyo pake sangalephere kuizindikira. Wolemba mbiri Robert wa ku Torigni adalemba kuti pa phwando la Khirisimasi ya 1171 ku Normandy, ankhondo olemekezeka otchedwa William adadyera m'chipinda chawochawo ndipo adakwana 110. Kuchokera m'zaka za m'ma 1500 kufika m'ma 1700, pafupifupi mnyamata mmodzi mwa asanu alionse obatizidwa ku England ankatchedwa William.

Kalembedwe kamene kadafika kuno kamasunga chizindikiro cha njira imeneyi. Afalansa a m'chigawo cha Paris ankasintha liwu la w la mawu a Germanic kukhala g, ndiye chifukwa chake iwo amati Guillaume, Asipanishi amati Guillermo, ndipo ku Tete ndi ku Niassa kumene kudalamula Apwitikizi kumamveka Guilherme. Anomani adasunga w, ndipo ndi katchulidwe kawo kamene kadalowa m'Chingerezi. Ajeremani amati Wilhelm, Adatchi ndi Maburu amati Willem. Anthu a mitundu iwiri imene amishoni a ku Kasungu adachokerako adali ndi zifukwa zawozawo zolikondera: ku Scotland kudali mfumu William imene idalamula kuyambira 1165 mpaka 1214, ndi William Wallace amene adaphedwa mu 1305 chifukwa chomenyera ufulu wa dzikolo, pomwe Adatchi, makolo a Maburu, amalemekeza Willem wa ku Orange, amene adatsogolera kuukira ulamuliro wa Spain mpaka adaphedwa mu 1584.

Dzinali lidapeza Achewa ali ndi dongosolo lawo la maina, limene lidasiyana ndi la ku Ulaya pa mfundo ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi yoti dzina lachichewa limayankhula. Mwana akatuluka m'chikuta, ndiye kuti nthawi imene mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba kufikira mchombo utagwa, ankapatsidwa dzina lonena za zimene banja ladutsamo: Mavuto kapena Masautso ngati adabadwa pa nthawi yowawa, Maliro kapena Manda ngati ana am'tsogolo adamwalira, Chimwemwe ngati adayembekezeredwa nthawi yaitali, ndipo maina ena adali mawu olasa apabanja kapena oyandikana nawo amene sakadanenedwa maso ndi maso. Yachiwiri ndi yoti dzina silidali la moyo wonse. Mnyamata akalowa kudambwe, kumene amaphunzira mwambo wa gule wamkulu, kapena mtsikana akavinidwa chinamwali, ankatuluka ndi dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina laubwana kudali chipongwe chachikulu. Munthu akabereka ankatchulidwa ndi dzina la mwana wake, mkazi ankalemekezedwa ndi chiwongo chake monga Nabanda kapena Naphiri, ndipo wolowa ufumu ankasiya dzina lake n'kutenga la mpando. Padalinso chizolowezi chotcha mwana dzina la agogo kapena la wachibale wolemekezeka, kuti dzinalo lisafe.

Mmodzi mwa anthu oyamba kubweretsa dzina la William m'dziko lino adali munthu wakuda. William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale ku South Africa, adabwera mu 1876 kudzathandiza mishoni ya Livingstonia, ndipo popeza chiyankhulo chake chidali pafupi ndi Chingoni, ndiye adatsegula njira yokambirana ndi Angoni a M'mbelwa, kufikira adamwalira ku Njuyu mu 1886. Kunyanja kudali William Percival Johnson wa mishoni ya Anglican ya UMCA, amene adatumikira m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 40 n'kumwalira mu 1928. M'chigawo chapakati dzinali lidalemekezeka chifukwa cha William Hoppe Murray wa mpingo wa Dutch Reformed, amene adafika mu 1894, adatsogolera mishoni imene likulu lake lidadzakhala ku Nkhoma, ndipo adatsogoleranso ntchito yomasulira Baibulo lonse, Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa mu 1922. Banja la a Murray lidali la Asikotishi amene adakhazikika pakati pa Maburu kuyambira 1822, choncho mwa munthu mmodziyu mudakumana mitsinje iwiri imene dzinali lidadzera. M'Baibulo lomweli owerenga ankakumana ndi mawu oti chisoti monga chida chankhondo, pa nkhani ya Goliati, koma padalibe chowauza kuti chida chimenecho chili m'dzina la womasulirayo.

Ku Kasungu zinthu zidasintha mofulumira asilikali a boma la atsamunda atagonjetsa mfumu Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895. Dokotala George Prentice wa mishoni ya Livingstonia adatsegula siteshoni ku Kasungu cha mu 1900, sukulu za m'midzi zidafalikira, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 ntchitoyo idaperekedwa kwa amishoni a ku Nkhoma, omwe adalowa mu mpingo wa CCAP mu 1926. Wofuna ubatizo ankakhala zaka m'kalasi yophunzira chikhulupiriro, ankayenera kusiya gule wamkulu, ndipo pa tsiku la ubatizo nthawi zambiri ankatenga dzina latsopano. N'kulakwa kuganiza kuti Achewa adangokakamizidwa kapena kuti adangotengeka. Mphamvu idalidi m'manja mwa mmishoni, amene adali ndi sukulu, chipatala ndi kalata yopezera ntchito, ndipo kunyoza maina a makolo monga achikunja kudavulaza anthu ambiri. Komabe mfundo yoti munthu wophunzitsidwa mwambo, wosiya moyo wakale, amatuluka ndi dzina lina, idali yachichewa kale, ndipo kutenga dzina la mphunzitsi wolemekezeka kudagwirizana ndi chizolowezi chotcha mwana dzina la wamkulu. Chimene chidatayika ndi kuyankhula kwa dzina, chifukwa William, Robert kapena Henry sankauza womva chilichonse cha njala, imfa kapena chimwemwe cha banjalo.

Chitsanzo chodziwika bwino chidachokera kufupi ndi Wimbe. Mnyamata amene adadzakhala Pulezidenti Banda, yemwe adayamba sukulu pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama, adatchedwa Kamuzu chifukwa amayi ake adamwa mankhwala a mizu asanatenge pathupi pake, ndipo atalowa mpingo adatenga dzina la Hastings potsatira mmishoni wa ku Scotland, John Hastings. Dzina limenelinso ndi la banja la Germanic: lidayamba ngati Hæstingas, kutanthauza anthu a Hæsta, lidakhala dzina la tauni, kenako la banja, ndipo tauniyo ndi yomwe nkhondo ya 1066 imatchulidwira. Motero maina awiri a anthu a ku Kasungu odziwika kwambiri kunja, Hastings ndi William, amakumana pa tsiku limodzi la mbiri ya England, lina la malo a nkhondo, lina la wopambana.

Si mpingo wokha umene udafalitsa maina otere. Amuna ambiri a ku Kasungu adapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Southern Rhodesia ndi m'migodi ya ku Johannesburg, ena paokha, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, ndipo chiphaso cha msonkho, pasi ndi buku la malipiro zinkafuna dzina limene kalaliki angalembe mosavuta. Ena adasankha okha dzina lachizungu, ena adapatsidwa ndi kapitawo, ndipo adabwerera nalo kumudzi pamodzi ndi njinga ndi jekete. M'nthawi imeneyi maina amene ku Britain ndi a banja adasanduka maina oyamba, monga Wilson, amene amatanthauza mwana wa Will, chidule cha William, komanso Dickson, Robson ndi Harrison, ochokera kwa Richard, Robert ndi Henry. M'zaka za m'ma 1970 minda ikuluikulu ya fodya ya Press Farming, General Farming ndi Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority idakoka matenanti ndi aganyu ochokera m'maboma ena, ndipo maina a ku mishoni zosiyanasiyana adasakanikirana m'dera limodzi. Pakamwa pa Mchewa dzinali lidasinthanso, popeza m'Chichewa phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo William amamveka Wiliyamu, Wilson amamveka Wilisoni, monga momwe Afalansa ndi Apwitikizi adaliumbira kuti likwane m'ziyankhulo zawo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina adayamba kubwerera. Boma la Fort Manning, lotchedwa potsatira Sir William Manning amene adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913, lidakhala Mchinji, monga momwe Fort Johnston idakhalira Mangochi ndi Port Herald Nsanje. Pulezidenti mwiniwake adabisa Hastings m'lembo limodzi n'kumalemba H. Kamuzu Banda, ndipo mu 1968 Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Makolo achikhristu adayamba kubatiza ana ndi maina monga Chisomo, Madalitso, Yamikani, Limbikani ndi Mphatso, ndipo ngakhale posankha Chingerezi adakonda mawu omveka tanthauzo, monga Gift, Blessings ndi Precious, zimene zikusonyeza kuti mfundo yakale yoti dzina liyankhule idapulumuka n'kulowa m'chiyankhulo cha alendo. William adatsalabe, koma tsopano monga dzina la agogo, la malume kapena la mphunzitsi wa m'mudzi momwemo, osatinso la mzungu.

William Kamkwamba adabadwa mu 1987 n'kukulira ku Masitala, m'banja la alimi a chimanga ndi fodya. Njala ya 2001 ndi 2002, imene idakantha Kasungu koopsa, idachititsa kuti banjalo lilephere kulipira fizi pa sekondale ya Kachokolo, ndipo iye adayamba kubwereka mabuku m'kanyumba kosungira mabuku ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Potsatira zithunzi za m'mabukuwo adamanga makina ozunguliridwa ndi mphepo, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zina zotola pamalo otayira zitsulo za esiteti ya fodya, ndipo adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye mu 2006, adayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, buku la The Boy Who Harnessed the Wind limene adalemba ndi Bryan Mealer lidatuluka mu 2009, adamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014, ndipo filimu imene Chiwetel Ejiofor adajambulira m'dera lomweli idatuluka mu 2019. Wodziwa kuti wil ndi kutsimikiza mtima angakopeke kunena kuti dzina lidamulosera, koma kutero n'kuchotsa ulemu pa thukuta la mnyamatayo ndi pa anzake amene adamuthandiza. Chimene chidachitika n'chimene chakhala chikuchitika kuyambira ku Gellone: munthu ndiye adapatsa dzina kulemera kwatsopano, ndipo kwa owerenga ambiri kunja William wa ku Malawi ndi wa ku Wimbe.

Kusintha kwaposachedwa kwakhudza mbali ina ya mwambo, ya kusinthasintha kwa dzina. Kale munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina laubwana, la kudambwe, la ubatizo ndi la kuntchito, lililonse ndi anthu ake oliitana. Kalembera wa mu 2017, pamene National Registration Bureau idalemba Amalawi oposa 9 miliyoni n'kuwapatsa ziphaso za unzika, adafuna dzina limodzi ndi kalembedwe kamodzi, ndipo chiphasocho chimafunika pogula zipangizo zaulimi zotsika mtengo, polembetsa nambala ya foni ndi potsegula akaunti ya kubanki kumene ndalama za fodya zimalowera. Amene kalaliki adamulemba William, Wiliyamu kapena Willy amakhala ndi kalembedwe kameneko pa chilichonse cha boma, ndipo kuti akasinthe ayenera kutsata njira ya malamulo, pomwe maina ake ena atsala oitanirana kumudzi, kutchalitchi ndi kumaliro.